Chikhristu cha pa sikelo ndi ndowa

Nyengo yokolola ikafika, kuyambira mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti, misika ya Mitundu, Mponela, Jenda, Chimbiya, Lunzu ndi ina yotero imadzaza ndi masikelo. Pamtengo wa mango pali sikelo, pakhonde la golosale pali sikelo, ndipo pomwe palibe popachika anyamata amangozika mitengo itatu n'kukolekapo yawo. Alimi amafika ndi chimanga, soya, mtedza ndi nandolo, ena atasenza, ena panjinga, ena pangolo. Si ochepa amene amabwerera kumudzi akung'ung'udza njira yonse kuti thumba lomwe adalisoka lodzaza bwinobwino lakapepuka pamaso pa venda.

Kawirikawiri wogula ndi wogulitsayo amakhala anthu opemphera. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa anthu oposa 17 miliyoni a m'dziko muno, pafupifupi 77 mwa 100 alionse ndi Akhristu. Ndiye n'kutheka ndithu kuti wagwira sikeloyo ndi mkulu wa mpingo, msungichuma wa mphakati kapena mnyamata wa besi mu kwaya, ndipo mayi amene akuyang'anitsitsa muvi wa sikeloyo mwankhawa ndi wa Mvano kapena wa Chigwirizano. Lamulungu awiriwa amakhala m'nyumba imodzi ya mapemphero, kumva ulaliki umodzi, mwinanso kudyera limodzi mgonero. Lolemba likacha, wina amadya thukuta la mnzake mtima uli m'malo.

Ambiri akamva za kukula mu uzimu amathamangira kuganiza za kusala kudya, mapemphero ochezera usiku ndi kukwera phiri kukalankhula ndi Mulungu. Zonsezo zili ndi malo ake. Koma munthu wowerenga Baibulo mosathamanga amadabwa kuona kuchuluka kwa mawu, aukalinso, amene bukuli lili nawo pa nkhani ya ndowa, sikelo, ngongole ndi malipiro a waganyu.

Amalonda osunga Sabata

Mmodzi mwa anthu amene adakalipa kwambiri pa nkhaniyi ndi Amosi. Mkuluyu sadali wansembe, sadaphunzirenso uneneri kwa wina aliyense. Adali woweta nkhosa ndi wosamalira mitengo ya nkhuyu wa ku Tekowa, kamudzi ka kumwera kwa Yerusalemu. Cha m'ma 760 Khristu asanabadwe, pa nthawi ya mfumu Yerobowamu wachiwiri, adasiya ziweto zake n'kupita kukalalika ku ufumu wa kumpoto wa Israele. Dzikolo lidali pa mtendere, malonda ankayenda, ndipo olemera ankamanga nyumba za miyala yosema. Chipembedzo nacho chidali pachimake. Ku Betele ndi ku Giligala anthu ankadzaza, nsembe zinkaperekedwa, chakhumi chinkaperekedwa, nyimbo zinkamveka.

Mu mutu 8 wa buku lake, Amosi akujambula amalonda a tirigu a nthawiyo. Chochititsa chidwi n'chakuti anthuwa sankaswa Sabata. Tsiku lopembedza likafika ankatseka malonda monga lamulo linkanenera. Koma ali m'kachisimo mitima yawo idali kumsika, kuwerenga maola kuti dzuwa lilowa liti akatsegule nkhokwe. Ndipo akatsegula, ankabera anthu kawiri pa malonda amodzi.

Kuti timvetse kaberedwe kake, tikumbukire kuti masiku amenewo kudalibe ndalama zosula ngati makobidi. Wogula ankabwera ndi tizidutswa ta siliva, ndipo wogulitsa ankatiyeza pa sikelo poyerekeza ndi mwala wa muyeso wotchedwa sekeli, wolemera magalamu 11 ndi pang'ono. Akatswiri ofukula zakale apeza miyala yambiri yotere m'dziko la Yuda, ina italembedwa kulemera kwake. Tirigu ankamuyeza ndi chotengera chotchedwa efa, chimene ambiri amachiyerekeza ndi malita 22, kutanthauza kuti sichidatalikirane ndi ndowa yathu ya malita 20. Tsono wamalonda wochenjera ankachepetsa efa popereka tirigu, n'kutulutsa mwala wolemererapo polandira siliva. Wosauka ankalipira zambiri n'kulandira zochepa. Pamwamba pa izo ankamusakanizira mankhusu ndi zosesa za pansi pa nkhokwe.

Aliyense amene adagulapo chigoba cha chimanga mu Febuluwale n'kukapeza kunyumba kuti theka lake ndi lofumbwa sangafune womumasulira ndimeyi.

Yankho la Mulungu kudzera mwa Amosi lili mu mutu 5, ndipo ndi lowawa kwa aliyense wokonda za mpingo. Iye adakana misonkhano yawo, adakana nsembe zawo, ndipo nyimbo zawo adazitcha phokoso. Chimene ankafuna n'chakuti chilungamo chiziyenda ngati mtsinje wosauma m'chilimwe. Amaziya, wansembe wa ku Betele, atamva ulalikiwu adakamunenera Amosi kwa mfumu kuti akuukira boma, n'kumuuza kuti abwerere kwawo azikalalika kumeneko.

Amosi sadapeke nkhani yatsopano. Lamulo lidalipo kale. Mutu 19 wa Levitiko umayamba ndi kuitana anthu a Mulungu kuti akhale oyera, ndipo ndi mutu womwewo umene uli ndi lamulo lotchuka lija lokonda mnzako. Ambiri timaloweza vesi 18 n'kutseka buku. Tikadapitiriza mpaka vesi 35 ndi 36 tikadapeza kuti kuyera kumene akunenako kukukhudza sikelo, miyala yoyezera ndi efa. Deuteronomo 25 amaletsa ngakhale kungosunga miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono, m'thumba kapena m'nyumba. Liwu la Chihebri limene alemba pamenepo posonyeza kunyansidwa kwa Mulungu ndi lomwe lija amaligwiritsa ntchito ponena za kupembedza mafano. Buku la Miyambo limabwereza nkhani ya sikelo m'mitu 11, 16 ndi 20, ndipo mneneri Mika nayenso akuibweretsa mu mutu 6.

Sitinganene kuti mawuwa adatibisikira. Buku Lopatulika, lomwe ntchito yolimasulira adatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, lidatuluka mu 1922. Akatolika adatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo mu 1998 kudabwera Buku Loyera, lomwe Akatolika ndi mipingo ina adamasulira limodzi. Papita zaka zoposa 100 Amosi akulankhula Chichewa. Ngakhale anzathu achisilamu a ku Mangochi, Balaka ndi Nkhotakota ali ndi chiphunzitso chofanana, pakuti Sura 83 ya Korani imayamba ndi kudzudzula opungula miyeso.

Efa wa masiku ano

Njira zoberana pamsika n'zodziwika kwa aliyense, ngakhale sizitchulidwa paguwa. Sikelo yopachika ija ili ndi kachitsulo kopotokola kobwezera muvi pa ziro. Ukakapotokola pang'ono, muvi umayambira kumbuyo, ndipo thumba lililonse limataya kilogalamu imodzi kapena awiri mlimi akuona. Ena amawerenga sikelo thumba likadagwedezeka. Ena amadula kilogalamu yathunthu ponena kuti ndi ya thumba, chonsecho thumba lopanda kanthu silifika n'komwe theka la kilogalamu. Muvi ukaima pakati pa manambala awiri, amatchula yotsika nthawi zonse.

Ndowa nayo ili ndi nkhani zake. Yogulira imakhala yotukumuka m'mimba ndi yokhomedwa pansi kuti itsike, yogulitsira imakhala yokhomedwa pansi kuti ikwere. Ziwirizi zimatchedwa dzina limodzi, ndowa, ndipo zimagona m'nyumba imodzi. Ndi zomwe zija Deuteronomo adaletsa.

Wina anganene kuti makilogalamu awiri si kanthu. Tiyeni tiwerengetsere. Venda akagula matumba 100 a makilogalamu 50, n'kudyapo awiri pa thumba lililonse, wapeza makilogalamu 200, omwe ndi matumba anayi osalipira. Kwa iye ndi phindu la pambali. Koma matumba anayiwo achoka m'nkhokwe za anthu amene adagula feteleza pa ngongole, adapalira dzuwa likuswa mtengo, ndipo akugulitsa chifukwa mwana wabwezedwa kusukulu kaamba ka fizi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ngakhale mtolowo ukhale wakuba.

Boma lili ndi mbali yake. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayeza masikelo a malonda n'kuwadinda chizindikiro, ndipo limalanda amene apezeka achinyengo. Unduna wa zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira kugulira mbewu. Koma oyendera masikelo sangaime pamtengo wa mango uliwonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo venda amene walemba mtengo wa boma pachikatoni akhoza kubwezera zake zonse pa muvi. Kumudzi kwenikweni, kumene galimoto ya boma imafika kamodzi pakanthawi, woyendera sikelo amene watsala ndi chikumbumtima cha mwini sikeloyo.

Mlimi akhoza kudzithandizako pang'ono. Paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, kapena chigubu cha malita asanu chodzaza madzi, chomwe chimalemera makilogalamu asanu ndi pang'ono, n'zokwanira kuulula sikelo yabodza. Venda wachilungamo sakwiya munthu akapempha kuti ayambe wapachika chigubu.

Nayenso mlimi si mngelo

Tisamangoloza chala venda. Mukamufunsa chifukwa chimene amadulira, ali ndi madandaulo ake, ndipo ena ndi oona. Alipo alimi amene amawaza madzi chimanga kapena soya usiku kuti chilemere m'mawa. Ena amathira mchenga mu nyemba ndi timiyala mu mtedza. Ku misika ya fodya ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, mabelo akhala akubwezedwa kwa zaka zambiri chifukwa chopezeka ndi zinthu zomwe si fodya, kapena fodya wachabechabe wobisidwa pakati pa wabwino. Thumba la makala limakhala ndi zikuluzikulu pamwamba, pansi fumbi lokhalokha. Ndowa ya mbatatesi ya pamsewu, ya kuja timatsika basi n'kugula mothamanga, nthawi zina imakongola pakamwa pokha. Mkaka umathiridwa madzi. Mulu wa tomato umakhala ndi wophwanyika wogonekedwa mochenjera.

Choncho aliyense amaba poopa kuberedwa. Venda amadula chifukwa akuganiza kuti chimanga n'chonyowa, mlimi amanyowetsa chifukwa akudziwa kuti venda adula. Onse awiri akamapemphera madzulo amadziona ngati ongodziteteza.

Nkhani ya chinyezi ndi yeniyeni. Chimanga chosungika bwino chimayenera kuuma mpaka chinyezi chake chitsike kufika pafupifupi 13 peresenti, ndipo chogulidwa chisanaume chimapepuka m'nkhokwe, mwinanso kuchita nkhungu. Wogula ali ndi ufulu wonse wodziteteza. Njira yoongoka ndi kunena poyera kuti chimanga ichi sichidaume, ndigula pa mtengo wakuti, kapena kachiyanikeni mubwere mkuja. Mlimi akavomera wavomera akudziwa, akakana wapita ndi katundu wake. Baibulo sililetsa phindu, sililetsanso kunenerera. Mkazi wangwiro wa pa Miyambo 31 ndi wamalonda, amagula munda, amasoka zovala n'kugulitsa. Chimene likukana ndi phindu lobisika, lija mnzako sakadavomera akadaliona.

Ndipo ife ogula wamba, amene tilibe sikelo kapena ndowa, tisadzione oyera msanga. Miyambo 20 vesi 14 imaseka wogula amene amanyoza katundu pamaso pa mwini wake, koma akangokhota pakona n'kuyamba kudzitama kuti watola. Timawadziwa anthu otere, mwina timawaona pagalasi. Mu shopu yaikulu amalipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa, koma akafika pa gogo wogulitsa nkhwani amalimbana naye mpaka thukuta, kenako n'kupemphanso kuti awonjezereko kamulu pamwamba. Madzulo dzuwa likamalowa, podziwa kuti mayiyo sangabwerere ndi tomato kumudzi, ndi pomwe amabwera kudzatchula mtengo wachipongwe.

Palinso mayeso ena amene makolo athu sadawaone. Foni ikalira n'kupeza kuti munthu wosamudziwa wakutumizira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money molakwitsa nambala, Mkhristu amachita chiyani? Alipo amene amathamangira kwa ejenti kukatapa, n'kuzimitsa foni, ena mpaka kunena kuti Mulungu wayankha pemphero. Deuteronomo 22 adayankha kale nkhaniyi ndi chitsanzo cha ng'ombe ndi nkhosa yosochera: uisunge mpaka mwini wake abwere, umubwezere.

Dzuwa lisanalowe

Miyeso iwiri sipezeka pamsika pokha. Imapezekanso pakhomo. Munthu wa pantchito malipiro ake akachedwa masiku atatu amatukwana abwana ake mpaka mawu kusasa, koma mtsikana womulerera ana amatha miyezi iwiri akumva zoti dikira kaye zinthu sizili bwino. Waganyu amene wapalira ndime yake kuyambira mbandakucha amauzidwa kuti abwere Loweruka, ndipo Loweruka likafika bwana wapita ku maliro.

Levitiko 19 ndi Deuteronomo 24 amalamula kuti waganyu alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo chifukwa chake chalembedwa: munthuyo ndi wosauka, akudalira ndalama imeneyo kuti adye. Amene adakhalapo m'mudzi mwezi wa Januwale akudziwa kuti izi n'zoona mpaka lero. Waganyu amasiya munda wake uli ndi udzu kuti akapalire wa wina, ndipo ufa wa usiku umenewo uli m'thumba la womulemba ganyuyo. Kalata ya Yakobo mu mutu 5 imafika ponena kuti malipiro obisidwa a okolola amalira okha, ndipo kulirako kumamveka kumwamba.

Aepiskopi achikatolika a m'dziko muno adaikhudza nkhaniyi m'kalata yawo yotchuka imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Anthu amaikumbukira kalatayo chifukwa cha ndale, poti idatsegula njira yopita ku riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Koma mbali ina ya kalatayo idali yokamba za malipiro osakwanira a anthu apantchito ndi phompho lomwe linkakula pakati pa olemera ndi osauka. Mbali imeneyo siitchulidwa kawirikawiri pa zikumbutso, mwina chifukwa choti siiloza boma lokha, imalozanso aliyense amene ali ndi wantchito kuseri kwa nyumba.

Za katapila sitichulukitsa gaga m'diwa. Eksodo 22 amaletsa kukongoza wosauka mofuna kumudyera, ndipo amati chovala cha chikole chibwezedwe usiku usanagwe kuti mwini wake afunde. Lero chikole ndi khadi la ku banki la mphunzitsi, lomwe limagona m'chikwama cha wobwereketsa mwezi ndi mwezi. Nehemiya 5 akusimba za anthu amene adapinyolitsa minda ndi ana awo kwa abale awo omwe nthawi ya njala, ndipo Nehemiya adawaitanitsa msonkhano akuluakuluwo n'kuwalumbiritsa kuti abweze. Mbali inayo, Salimo 37 limamuika m'gulu la oipa munthu wokongola osabweza. Mabanki m'khonde ambiri agwa chifukwa cha anthu otere, ena mwa iwo otsegula msonkhano ndi pemphero.

Ofunika kuwatchulanso ndi osunga chimanga. Amene adaona njala ya 2002 akukumbukira momwe chimanga chomwe chidagulidwa motchipa pokolola mu 2001 chidabwerera kwa alimi omwewo pa mtengo wokwera kangapo. Kusunga pakokha si tchimo, pakuti Yosefe adasunga tirigu zaka zisanu ndi ziwiri ku Ejipito n'kupulumutsa anthu. Wosunga amalipira mankhwala, matumba ndi malo, ndipo ayenera kupezapo kanthu. Koma Miyambo 11 vesi 26 imasiyanitsa wogulitsa ndi womana. Amene watseka nkhokwe anthu akudya nyika ndi gaga, podikira kuti mtengo ukwerenso sabata yamawa, anthu amamutemberera, ndipo Malemba sawaletsa.

Chilungamo chili ndi mtengo wake

Pano m'pofunika kunena zoona. Venda amene wakonza sikelo yake sikuti mawa lake alemera. Mnzake wa pamtengo winawo, amene akudya awiri pa thumba, akhoza kulemba mtengo wokwererapo pachikatoni n'kukopa alimi onse, iye n'kutsala akuingitsa ntchentche. Nayenso akakapereka katundu kwa wogula wamkulu m'tauni akhoza kukadulidwa komweko. Mayi amene wasiya kubisa tomato wophwanyika ataya tomatoyo. Pa malonda a phindu lochepa ngati awa, kusiya chinyengo nthawi zina n'kuchepetsa ndiwo pakhomo.

Alaliki ena amalonjeza kuti ukangopereka mbewu kwa mtumiki, bizinesi iphuka mwezi womwewo. Baibulo lenilenilo ndi losamala kuposa pamenepo. Wolemba Salimo 73 akuvomera kuti adatsala pang'ono kuterereka poona anthu achinyengo akunenepa iye akuvutika. Yeremiya mu mutu 12 akufunsa Mulungu maso ndi maso chifukwa chimene oipa zinthu zimawayendera. Amosi yemwe uja sadalandire mphotho, adathamangitsidwa.

N'zoona kuti pamsika waung'ono mbiri imayenda, ndipo alimi amauzana kumene sikelo ili yabwino. Wachilungamo akapirira nyengo ziwiri zitatu amapeza makasitomala osamuthawa. Koma izi sizichitika kwa aliyense, ndipo amene akukonza sikelo pongofuna makasitomala adzaipotokolanso tsiku limene adzaone kuti sizikulipira. Chifukwa chimene Levitiko akupereka n'china. Atatha kulamula za miyeso, Mulungu akuwakumbutsa kuti ndiye adawatulutsa ku Ejipito. Anthu amene adalawapo kugwira ntchito thukuta lawo likudyedwa ndi wina sayenera kuchitira mnzawo zomwezo.

Apa m'pamene nkhani ya sikelo imakumana ndi ya kukula mu uzimu. Pemphero la usiku wonse limabwera kamodzi pamwezi, ndipo anthu amakuona. Muvi wa sikelo umaima pakati pa manambala awiri kambirimbiri pa tsiku, ndipo palibe akukuona kupatula mayi wosadziwa kuwerenga. Nthawi iliyonse munthu akatchula nambala yoona pomwe akadatha kutchula yotsika, akuphunzitsa mtima wake kukhulupirira kuti Mulungu amudyetsa popanda kuba. Yesu pa Luka 16 adanena kuti kukhulupirika kumayambira pa zazing'ono, ndipo adanena izi pokamba za chuma.

Ana nawo amaphunzira pomwepo. M'mabanja ambiri a m'matauni ang'onoang'ono mwana akaweruka kusukulu amakhala pa okala kapena pa benchi. Ndiye amauzidwa kuti botolo loyezera mafuta ophikira asamalidzaze, kuti kasitomala akaiwala chenji asamukumbutse, kuti wobwera pagalimoto azimutchulira mtengo wina. Lamulungu mwana yemweyo amatumizidwa ku Sande sukulu kukaloweza malamulo khumi. Mwa maphunziro awiriwa, limene limakhazikika ndi la masiku asanu ndi limodzi lija. M'mera mpoyamba.

Mpingo ukulandira chiyani?

Nthawi ya masika matumba amaunjikana kutsogolo kwa tchalitchi, ndipo wopereka ambiri amaimbiridwa nthungululu. Pa pepa sande amalonda ndiwo amaitanidwa kukhala alendo olemekezeka. Palibe cholakwika pamenepo, mpingo umafuna malata ndi simenti. Koma n'kovuta kuti mbusa alalike Amosi 8 pamaso pa munthu amene wagula malata a tchalitchi chonse. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Zotsatira zake n'zakuti milandu yofika ku bwalo la mpingo imakhala ya mimba, mowa ndi mitala, pomwe wa ndowa ziwiri amakalamba ali mkulu wa mpingo.

Chonsecho mipingo ili ndi zida zokwanira. Miphakati ya Akatolika, yomwe idakhazikika m'zaka za m'ma 1970 ndipo Episkopi Patrick Kalilombe adailimbikitsa kwambiri mu dayosizi ya Lilongwe, cholinga chake chidali choti Mawu a Mulungu akambidwe pamodzi ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Milaga ndi magulu a amayi a mipingo ina amakumananso m'kati mwa sabata. M'magulu amenewa muli mavenda, alimi, eni zigayo ndi ogulitsa nyama. Sipafunika ndalama kuti gulu liwerenge Levitiko 19 mpaka kumapeto, kenako aliyense anene mayesero a pa ntchito yake. Sipafunikanso ndalama zambiri kuti mpingo ukhale ndi sikelo yake yodindidwa, yomwe mlimi aliyense angayezerepo thumba lake asanapite nalo kumsika.

Yohane Mbatizi ankadziwa kulalika motere. Pa Luka 3, anthu atamufunsa chochita posonyeza kulapa, sadawapatse yankho limodzi. Okhometsa msonkho adawauza kuti asalipitse kuposa zimene zidalamulidwa. Asilikali adawauza kuti asalande za anthu moopseza ndipo akhutire ndi malipiro awo. Sadauze aliyense kuti asiye ntchito. Akadafika pa Mponela kapena pa Lunzu, bwenzi ali ndi mawu a wachigayo, a wakabaza, a wapolisi wa pamsewu ndi a kalaliki wa kuchipatala, aliyense akeake.

Nanga zimene zidadyedwa kale?

Funso lovuta kwambiri limatsalira kwa amene wamva n'kufuna kusintha. Kukonza sikelo lero n'kotheka, koma matumba a zaka zapitazo adasanduka malata ndi njinga yamoto. Chilamulo cha Mose sichidalole kuti nkhani ithere pa kupepesa kwa Mulungu. Pa Levitiko 6 ndi Numeri 5, wonyenga mnzake ankayenera kubweza chonse n'kuwonjezapo gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo nsembe yake inkabwera pambuyo. Yesu pa Mateyu 5 adatsata dongosolo lomwelo pouza wopereka mphatso kuti aisiye kaye paguwa akakonze nkhani ndi mbale wake. Zakeyu wa ku Yeriko, mkulu wa okhometsa msonkho, adapitirira pamenepo. Adalonjeza kugawira osauka theka la chuma chake ndi kubwezera kanayi aliyense amene adamubera, ndipo Yesu adalengeza za chipulumutso cha nyumbayo atamva lonjezo limenelo.

Venda wa lero anganene kuti alibe kaundula wa anthu amene adawadula, ndipo n'zoona. Numeri 5 adaiganizira kale nkhani yofanana nayo: wolakwiridwayo akapanda kupezeka, zobwezazo zipite kwa wachibale wake, ndipo wachibale akasowa zipite kwa Mulungu kudzera mwa wansembe, koma zisatsale m'manja mwa wolakwayo. Komanso msika wa kumudzi si Limbe. Ogulitsa chaka chino ndi omwe aja adagulitsa chaka chatha. Mwini sikelo amaidziwa midzi imene adagulako, amazidziwa nkhope za amayi amasiye amene ankabwera ndi theka la thumba pamutu, ndipo mtengo wa mango umene adapachikapo sikelo ukadali pomwepo. Chimanga chikayamba kuuma mu Epulo, anthu omwewo adzatulukiranso panjira yomweyo atasenza.